Kupita koyamba ku shopu ya chamba ku Ontario: yankho kwa achemwali a ku Brampton

Achemwali ena omwe akukhala ku Brampton, ku Canada, afunsa motere: "Ndatha chaka kuno, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mashifiti a usiku ndipo ndili pa work permit. Ndikaweruka mmawa tulo sitibwera, ndimangotembenuka pabedi mpaka masana. Mnzanga wa kuntchito akuti tipite ku shopu ya chamba ndikagule ma gummies, timaswiti ta chamba. Ine chibadwire sindinachikhudzepo, kwathu ku Dedza chamba ndi nkhani ya apolisi. Kodi mkatimo mumachitika zotani, nanga sizingandionongere mapepala?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanapite, ambiri amafunsa atadya kale mtima ukugunda ngati ng'oma. Ine ndagwira ntchito pa kauntala ya shopu yovomerezeka ya chamba kuno ku Ontario kwa zaka zingapo ndiye mantha anuwo ndikuwadziwa, nanenso ndinakula ndikumva kuti wosuta fodya wamkulu amathera ku Zomba, ndipo chamba timangochimvera pa wailesi kuti matumba angapo agwidwa pa roadblock ku Nkhotakota. Ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti mu shopumo mulibe choopsa chilichonse, mudzalowa nkutuluka ngati mwapita kogula foni. Zofunika kusamala zili kunja kwa chitseko, pa mlingo womwe mudzadye ndi pa zomwe mudzachite mutadya.

Canada inaloleza chamba kwa akuluakulu pa 17 October 2018. Ku Ontario muyenera kukhala ndi zaka 19, ku Alberta ndi 18, ku Quebec ndi 21. Kugula mu shopu ya layisensi si mlandu, kaya muli pa work permit kaya pa study permit kaya mwangobwera kudzacheza. Koma mawu oti ya layisensi wo muwagwire, chifukwa ku Toronto ndi madera ozungulira kuli mashopu ena owala bwino, a zikwangwani zokongola, omwe ndi achinyengo. Shopu yeniyeni imapatsidwa chilolezo ndi AGCO, bungwe la boma la Ontario loyang'anira mashopu amenewa, ndipo pakhomo pake pamamatidwa chizindikiro cha boma la Ontario, komanso pa webusaiti ya AGCO pali mapu oonetsa mashopu ovomerezeka, onani kaye muli kunyumba. Katundu wawo yense amachokera ku Ontario Cannabis Store ndipo paketi iliyonse imakhala ndi kasitampa ka msonkho komatidwa potsekulira, ndi kachizindikiro kofiira kolembedwa THC, dzina la chomwe chimaledzeretsa mu chamba. Mukaona maswiti a mu paketi yofanana ndi maswiti a ana a mu golosale, olembedwa 500 mg kapena 1000 mg, tulukani pompo, amenewo si a boma ndipo palibe amene akudziwa zomwe zili mkatimo.

Pakhomo kapena pa kauntala adzakufunsani ID. Tengani pasipoti kapena layisensi yoyendetsera ya Ontario, yeniyeni osati chithunzi cha pa foni. Lamulo limati aliyense wooneka wosafika zaka 25 afunsidwe, koma mashopu ambiri amangofunsa aliyense ndiye musadabwe olo muli ndi imvi. Amangofuna kuona nkhope ndi chaka chobadwa basi. Mwana salowa olo mutamubereka kumbuyo, amenewo musiyireni mnzanu.

Mkati ndi moyera, magetsi owala, kanyimbo chapansipansi, makamera pamwamba poti lamulo limatero, ndipo fungo ndi lochepa kuposa mmene mukuganizira chifukwa chilichonse ndi chomata kale ku fakitale. Palibe amene amasutiramo, palibenso zolawa. Pakhoma pali ma screen olemba mayina ndi mitengo, katundu weniweni amakhala mmakabati okhoma kapena kuchipinda cha kuseri. Mashopu ena ali ndi timabotolo toboola pamwamba toti munthu anunkhize maluwa ake. Anthu omwe mudzawapeze pa mzere ndi omwewa mumakwera nawo basi, bambo wa zovala za konsitirakishoni, mayi wa suti ya ku ofesi, agogo a ndodo. Ndimakumbukira mayi wina wachikulire wa duku amene anadutsa pakhomo pathu katatu, kufika pa chitseko nkubwerera ngati waiwala kanthu mgalimoto, kachinayi ndi pomwe analowa, chikwama atachikumbatira pachifuwa, mawu akutuluka motsitsa ngati ali mu tchalitchi. Ankafuna mafuta opaka pa mawondo. Tinakamba mphindi khumi, anagula kabotolo kamodzi, potuluka anali akuseka kuti ankaganiza kuti mukhala mdima ndi anyamata a maso ofiira.

Wokuthandizani pa kauntala amatchedwa budtender. Muuzeni mosabisa kuti aka ndi koyamba, sindinasutepo, ndikufuna chofooka kwambiri chomwe muli nacho. Musachite manyazi ndi zimenezo, ife mawu amenewo timawamva tsiku ndi tsiku ndipo ndi amene amatithandiza kuti tisakupatseni zolakwika. Koma mudziwenso kuti budtender si dokotala, ku Ontario amangochita kakosi kotchedwa CannSell, ndipo lamulo silimulola kukuuzani kuti ichi chichiritsa chakuti. Akakuuzani kuti ichi ndiye mankhwala a tulo, dziwani kuti wadumpha malire ake. Ena ndi achinyamata osuta tsiku lililonse, chomwe iwo akuti ndi chofooka kwa inu ndi chimphona, ndiye musadalire pakamwa pokha, werengani nambala ya pa paketi.

Nambalayo ndi iyi. Mu chamba muli zinthu zambiri koma ziwiri ndi zomwe zimalembedwa zikuluzikulu, THC ndi CBD. THC ndi yomwe imaledzeretsa, CBD siledzeretsa. Pa maluwa ouma amalemba mg/g, ndiye mukaona 200 mg/g ndiye kuti 20 peresenti, ndipo onani pomwe alemba Total THC chifukwa ndi pomwe pali mphamvu yeniyeni chikatenthedwa. Chamba chambiri cha mmashopu masiku ano chili pakati pa 20 ndi 30 peresenti, champhamvu zedi, pomwe a Health Canada amalangiza woyamba kuti asapyole 10 peresenti ndipo akoke kamodzi kapena kawiri basi nkudikira. Mudzamvanso za mitundu ya chamba yotchedwa sativa, indica ndi hybrid, amati indica imagonetsa sativa imachangamutsa, koma pafupifupi zonse zinasakanizidwa kalekale ndipo mayinawo sakuuzani zambiri, nambala ya THC ndi yomwe imanena zoona. Mwa njira, musadzadabwe budtender akamva kuti ndinu a ku Malawi nkuyamba kusangalala kutchula Malawi Gold, chamba cha kwathu chija amachikulunga mmakungwa a nthochi chimadziwika dziko lonse kwa okonda zimenezi, ine ndafunsidwapo kambirimbiri ngati ndinachionapo chili mmunda.

Tsopano ma gummies omwe mnzanuyo akunena, apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa apa ndi pomwe anthu amagwa. Anthu osasuta amaona ngati kaswiti ndi kofatsa kuposa ndudu, kakang'ono, kotsekemera, kopanda utsi. Koma chodya chimayenda njira ina mthupi. Chosuta chimafika mmutu pa masekondi kapena mphindi zochepa ndiye munthu amadziwa msanga kuti apa ndakwana. Chodya chimayamba chapita mmimba, kenako ku chiwindi komwe THC imasanduka mtundu wina wamphamvu kwambiri, ndipo zimenezi zimatenga mphindi 30 mpaka maola awiri musanamve kalikonse, mphamvu yonse imatha kufika patatha maola anayi, nkukhala mthupi mpaka maola 12, kwa ena kaulesi kake kamatsalira mpaka tsiku lotsatira. Ndiye chimachitika nchoti munthu wadya kamodzi, wadikira theka la ola, akuti aaa palibe chikuchitika andigulitsa maswiti wamba, wadya kachiwiri, mwina kachitatu, kenako zonse zimadzafika nthawi imodzi ngati mvula ya matalala ndipo palibe njira yozibwezera.

Mwalamulo paketi imodzi ya zodya siposa 10 mg ya THC. Koma muone bwino mmene agawira, paketi ina ili ndi timaswiti tinayi ta 2.5 mg, ina tiwiri ta 5 mg, ina kamodzi kokha ka 10 mg yonse. Kwa inu amene simunakhudzepo, 2.5 mg ndiye malire, olo kuchepera apo, ndipo ndi zomwenso a Health Canada amanena. Funsani ya timaswiti ta 2.5 mg kapena kuchepera, makamaka yomwe ilinso ndi CBD wofanana kapena woposa THC. Mukadya kamodzi paketi muitseke muibise, tsiku limenelo mwamaliza, olo mutapanda kumva kanthu. Kudikira mpaka tsiku lina sikukutayitsani chilichonse.

Panabwera bambo wina tsiku lina, wamkulu thupi, woyendetsa ntchito za manja, ndinamuuza zonsezi ndipo anagwedeza mutu kuti wamva. Patatha masiku atatu anabweranso nkhope itagwa, akuti anadya paketi yonse kenako nkutsegula yachiwiri chifukwa iye ndi munthu wa makilo ambiri ankaona kuti kamodzi sikangamugwire, usiku wonse anakhala pansi mu bafa atatsamira khoma, mtima ukuthamanga, manja akuzizira, akukhulupirira kuti akufa ndipo mkazi wake akulira pakhomo. Sanafe, mmawa anali bwino, koma zinandikhudza chifukwa ndinaona kuti mantha aja anali enieni. Kukula thupi sikuteteza pa nkhani imeneyi. Zoterezi zikakuchitikirani khalani pansi kapena gonani chammbali pamalo abata, imwani madzi pang'onopang'ono, mnzanu akhale pafupi azikukumbutsani kuti zitha, ndipo zimathadi. Koma mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kusanza kosalekeza kapena kuona zinthu zomwe palibe, imbani 911 osaopa, simunaphwanye lamulo lililonse. Ndipo mowa usayandikire tsiku limenelo, ziwirizi zikakumana zimakulitsana.

Koma achemwali ndiloleni ndikuuzeni maganizo anga pa vuto lenileni lomwe mwabwera nalo, lomwe ndi tulo. Ine ndagulitsa zinthuzi ndipo sindikuziona ngati za satana, koma sindingakunamizeni kuti ndi yankho la shifiti ya usiku. THC imatha kumugonetsa munthu msanga masiku oyamba, zoona, koma thupi limazolowera, 2.5 ija imadzakhala 5, kenako 10, ndipo tsiku lomwe mwasiya tulo timathawiratu kwa masiku angapo nkumabwera maloto oopsa, ndiye munthu amabwerera ku shopu osati chifukwa akufuna koma chifukwa sakugona popanda. Mwa anthu khumi ogwiritsa ntchito chamba pafupifupi mmodzi amafika pokodwa nacho, ndipo ogwiritsa tsiku lililonse ndi amene ali pachiopsezo kwambiri. Ndawaonapo makasitomala otere, amabwera tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, kugula zomwezomwezo koma zochulukirapo. Mudzaonanso zolembedwa CBN, chinthu chinanso chopezeka mu chamba, ndi kamwezi ndi tinyenyezi pa paketi, umboni woti zimagonetsa ndi wochepa kwambiri. Vuto lanu ndi loti thupi likuona dzuwa pomwe inu mukufuna kugona, ndiye musanataye ndalama yambani ndi makatani ochindikala otseka kuwala konse, kusiya khofi maola angapo shifiti isanathe, foni kutali ndi bedi, ndipo pitani kwa dokotala kapena ku walk-in clinic, kachipatala kongofika osapangana tsiku, mukanene mmene mwandiuziramu. Madokotala kuno sadabwa ndi funso la chamba, ndipo ngati aona kuti nchoyenera pali njira yake ya chipatala yomwe amakulemberani chikalata nkumakutsatirani.

Ndipo pali anthu omwe ine ndimawauza kuti ayi ndithu. Ngati muli oyembekezera, mukufuna mimba kapena mukuyamwitsa, musayambe. Ngati kubanja kwanu alipo amene anadwalapo misala, kumva mawu kapena kuona zinthu, musayambe, zija amanena kwathu za ku Zomba zinakokomezedwa koma sizinachokere pachabe, THC yambiri imatha kudzutsa matenda amenewa mwa munthu amene ali nawo mmagazi, makamaka achinyamata osafika zaka 25. Ngati muli ndi vuto la mtima, samalani chifukwa imathamangitsa mtima. Ndipo ngati mukumwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku, a BP, a khunyu, ma ARV, a nkhawa, ogonetsa, kapena warfarin woletsa magazi kuundana, dutsani kaye pa famasi mufunse, kufunsako ndi ulere, chifukwa olo CBD yomwe anthu amaiona ngati madzi imasokoneza mmene chiwindi chimagayira mankhwala ena.

Mukasankhabe kuyesa, musayese tsiku lomwe madzulo ake mukulowa ntchito. Werengani nokha, mwaweruka 7 koloko mmawa, mwadya kaswiti 8 koloko, mphamvu yake itha kukhalapo mpaka 8 koloko usiku, inu 11 koloko mukukanyamula agogo a eni ake kuwachotsa pabedi. Ntchito yanu ndi ya miyoyo ya anthu ndipo abwana ali ndi ufulu wokuchotsani mukafika musali bwino, kuloledwa kwa chamba sikunasinthe zimenezo, werenganinso malamulo a kuntchito kwanu. Yesani tsiku lomwe mawa lakenso muli pa ofu, muli kunyumba, mwadya nsima yanu bwinobwino, pali munthu amene mumamukhulupirira.

Kulipira ndi kosavuta, khadi imagwira, kashi imagwiranso, pamwamba amaonjezera msonkho wa 13 peresenti ngati mmashopu ena onse. Paketi ya ma gummies ndi madola ochepa chabe. Akakufunsani nambala ya foni kapena imelo kuti mulowe mu za mapointi mutha kukana, ndipo ngati simukufuna kuti dzina la shopu lioneke pa sitetimenti ya ku banki lipirani kashi. Malire ogula kapena kuyenda nawo ndi magalamu 30 a chouma kapena zofanana nazo, inu simudzafika olo pafupi. Risiti sungani, ndipo paketi isatsekulidwe mpaka mutafika kunyumba, mgalimoto izikhala yomata kapena mchikwama chotseka kutali ndi woyendetsa.

Za mapepala tsopano, apa mumvetsere bwino chifukwa mzika ya Canada ikalakwitsa imalandira chilango chake nkukhalabe mdziko muno, inu ndi ine nkhani imatha kufika ku imigireshoni. Kugula ndi kudya kunyumba kwanu sikukhudza permit. Chomwe chimagwetsa anthu choyamba ndi chiwongolero. Kuyambira December 2018 mlandu woyendetsa galimoto utaledzera, kaya ndi mowa kaya ndi chamba, chilango chake chachikulu chinakwera kufika zaka 10, ndipo zimenezi zinaulowetsa mgulu la milandu ikuluikulu pa malamulo a imigireshoni, kutanthauza kuti munthu wa permit olo wa PR, chilolezo chokhala kuno mokhazikika, amatha kutaya mwayi wokhala kuno chifukwa cha ulendo umodzi wopita ku Walmart. Apolisi ali ndi zoyezera malovu ndipo amatha kuyeza magazi, ndipo ngati muli ndi layisensi ya G1 kapena G2 ku Ontario, ya oyamba kumene kuyendetsa, simuloledwa kukhala ndi THC olo pang'ono mthupi mukuyendetsa. Mukadya, makiyi apachikeni mpaka mawa.

Chachiwiri ndi malire a dziko. Chamba sichituluka mu Canada ndipo sichilowa, olo kaswiti kamodzi, olo kabotolo ka mafuta a CBD, chilango chake chimafika zaka 14. Anthu amapita ku Niagara Falls nkuwoloka mlatho kupita tsidya la America akuganiza kuti poti ku New York nakonso nchololedwa palibe vuto, koma pa boda pamagwira lamulo la boma lalikulu la America lomwe silinalole, ndipo munthu amene si mzika yawo amatha kukanizidwa kulowa chifukwa cha nkhani ya chamba. Chimodzimodzi popita kumudzi, musanakwere Ethiopian ya ku Addis Ababa kutulani chikwama chonse, matumba a jekete, kachikwama ka zodzola, muone kuti simunatsale kanthu. Ndipo musadzayerekeze kutumizira amayi ku Dedza mafuta a mawondo olo atadandaula bwanji. Ku Malawi lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa omwe ali ndi layisensi, koma kusuta kapena kupezeka nacho wamba ndi mlandu mpaka pano, mungaike mayi anu mmavuto pa eyapoti kapena ku positi ofesi.

Chachitatu ndi ana. Kupatsa chamba mwana wosafika msinkhu ndi mlandu waukulu, ndipo ma gummies amaoneka ngati maswiti enieni, mwana akawapeza amadya onse. Ambiri a ife kuno timakhala mma basement mothithikana ndi mabanja ena, ana akulowa chipinda chilichonse, ndiye sungani mu paketi yake yomwe ija yovuta kutsekula, pamwamba, mokhoma, osati mu handibagi kapena mu fuliji. Mwana akadya mwangozi thamangani naye ku chipatala kapena imbani 911 nthawi yomweyo osadikira kuti muone kaye. Ngati mungadzasankhe zosuta, onaninso pepala la lendi, malandilodi ambiri amaletsa utsi wamtundu uliwonse mnyumba.

Mnzanuyo akakutengani pitani naye masana, muli ndi mtima umodzi, mutenge nthawi yanu, funsani mafunso onse olo pa mzere pali anthu, gwirani paketi muwerenge nokha nambala ija musanalipire. Musalole kuti iye akusankhireni potengera zomwe amadya iyeyo, thupi lake linazolowera lanu ayi. Ndipo mukalowa nkuona kuti mtima sukufuna, nenani zikomo nkutuluka chimanjamanja, ambiri amatero tsiku loyamba ndipo pa kauntala palibe amene adzakufunseni chifukwa chake.